Kodi Njira Nja Yani?

Ndiri ndi funso limene landibvuta mumtima, ndipo ndifuna kuti tiliweruze pamodzi. Munthu akalembedwa nchito kutali ndi mudzi wace, namayenda pa njinga m'mawa ndi madzulo, kodi njira ija nja yani? Nja iye yekha kodi, kapena mwini nchito ali nalo gawo lace?

Funsoli linandifikira cotere. Mnansi wanga wina agwira nchito pa munda waukuru wa fodya kuno ku Mchinji. Amadzuka tambala woyamba, napalasa njinga yace yokalamba kufikira dzuwa litaturuka. Tsiku lina la dzinja mpira wa m'kati unaphulika ali pakati pa dambo. Analibe pampu, analibenso cigamba. Anaikankha m'matope, nafika mocedwa, ndipo kapitao anamdula malipiro a tsiku lonse. Madzulo ace anati kwa ine, "Aphunzitsi, njinga ndi yanga, koma ikuthera nchito ya eni." Mau amenewa sanandicoke.

Tiyambe tamva mwini nchito, pakuti mlandu suweruzidwa ndi khutu limodzi. Iye ati: "Ndinapangana naye munthuyu nthawi yoyamba ndi nthawi yoweruka, ndipo mphotho yace ndimampatsa. Kumene agona sindinamsankhire ndine. Ndikagula tayala lero, mawa adzandifunsa nsapato." Mau awa sali opusa ai. Pangano ndi pangano, ndipo nchito imene ali yense afika nthawi yace yace siingaime.

Koma tiyang'anitse. Apindula ndi njingayo ndani? Pakadapanda iyo, mwini munda akadamanga nyumba za anchito pafupi, kapena akadatumiza galimoto kukawatenga, kapena akadalandira anthu atalema kale ndi ulendo wa pansi. Njinga yamlanditsa ku zonsezi. Khasu alipereka osadandaula, cifukwa aona ndi maso ace kuti ligwira nchito yace. Njinga nayonso imgwirira nchito, koma igwirira kunja kwa mpanda kumene iye saona. Akuru anati, ukakwera pamsana pa njobvu usamati kunja kulibe mame. Wofika pa galimoto aiwala msanga kuti dambo ladzaza. Potero nditi, wakudya phindu la njira ayenera kusenzako mtolo wa njirayo.

Anthu a maiko ena anaciona ici kale. Ku Britain boma linaika lamulo m'caka ca 1999, lakuti mwini nchito akhoza kutengera wanchito wace njinga, iye namalipira pang'ono pang'ono pa malipiro ace, msonkho wace nucepa. Ku Belgium anchito ambiri alandira ndalama pa kilomita iri yonse imene apalasa popita ku nchito. Ndipo pafupi ndi ife, bungwe la World Bicycle Relief, limene linayamba m'caka ca 2005, linapereka njinga 23,000 m'dziko la Zambia kwa anthu odzipereka kusamala odwala Edzi m'midzi. Linazindikira kuti kutuma munthu osampatsa miyendo ndiko kumtuma ndi pakamwa pokha. Njinga zace za Buffalo, zimene zisenza makilogalamu 100 pambuyo, zafika ndi kwathu kuno.

Wina adzati, amenewo ngolemera, ife tiribe cuma cotere. Nzoona, koma zimene wanchito asowa siziri zazikuru. Afuna khumbi la udzu poika njinga yace, kuti dzuwa lisaononge matayala, ndi kuti mtima wace usakhale kwa mbala manja ali pa nchito. Afuna pampu imodzi ndi zigamba zosungidwa kwa kapitao, ndi ndowa ya madzi yosambitsira thukuta ndi pfumbi. Mlonda woyenda ndi mdima pa mseu waukuru wocokera ku Lilongwe kudzera pa Kamwendo kufikira ku malire a Mwami afuna nyali, pakuti magalimoto a katundu saona munthu wopanda nyali. Wosowa njinga afuna ngongole yobweza mwezi ndi mwezi. Ndipo koposa zonse, afuna kuti amfunse asanamdule malipiro. Ici comariza siciononga ndi tambala imodzi yomwe.

Tsopano nditembenukire kwa wanchito, cifukwa mtolo uli ndi mbali ziwiri. Tonse tamuona munthu wopatsidwa njinga ya nchito, naisandutsa kabaza pa tsiku la msika, kapena naisenzetsa matumba a makala kufikira masipoko atathyoka, napita kukati, "Yafa yokha." Tamuonanso wogonereza, amene tsiku liri lonse tayala lace liphulika. Wotere sabera mwini nchito yekha. Abera anzace onse, pakuti mawa woona mtima akadzanena zoona sadzamkhulupirira. Cifundo cimera pa kukhulupirika, monga nsawa zimera pa nthaka yofewa.

Pomariza, tisaganize kuti nkhaniyi nja eni minda yaikuru okha. Ifenso tiri olemba nchito. Tiitana waganyu wa mudzi wakutali kudzapalira cimanga. Mpingo utuma mlaliki ku midzi ya ku Mkanda ndi ku Kapiri. Mlangizi wa zaumoyo adza kudzayesa ana athu pa sikelo. Onsewa afika pa njinga, ife tiwapatsa moni, tiwafunsa za kumudzi, koma za njira sitifunsa.

Cifukwa cace yankho langa ndi ili: njira nja onse awiri, wotuma ndi wotumidwa. Wina aipatsa miyendo yace, winayo aipatse dzanja lace. Mawa munthu akafika pakhomo panu kudzakugwirirani nchito, muyambe mwayang'ana matayala ace.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wa ku Mchinji.