Kodi Wosunga Malamulo a Malonda Ndi Wopusa?

Tsiku lina Loweruka madzulo adandipeza pakhonde mnyamata wina amene ndidamphunzitsa masamu zaka zapitazo. Tsopano ndi bambo wa ana awiri, ndipo ali ndi kasitolo kake pafupi ndi Kachebere, momwe agulitsa sopo, mchere, shuga ndi mafuta ophikira. Nyengo yokolola amagulanso mtedza ndi soya kwa alimi. Titalonjerana iye adati, "Aphunzitsi, inu mudatiphunzitsa kuti kukhulupirika kumapindula. Ine ndidalembetsa malonda anga ku Boma, chaka ndi chaka ndimalipira layisensi ku khonsolo, ndipo katundu wanga wa ku Chipata ndimadzera naye pachipata cha malire. Anzanga amalowetsa wawo usiku panjinga, kudzera m'tinjira ta m'thengo, nagulitsa motchipa, ndipo ogula amapitirira pakhomo panga kunka kwa iwo. Nanga wopusa ndani pamenepa?"

Funso limeneli sindidaliyankhe msanga, pakuti silili lachibwana. Ife a kuno kumalire tili ndi zifukwa zathu zoonera lamulo ngati mlendo. Malire a Malawi ndi Zambia adalembedwa ndi Azungu m'zaka za m'ma 1890, motsata mtunda umene ugawa madzi a mvula, ena kunka ku Bua ndi kunyanja, ena kunka ku Luangwa. Koma anthu sadagawike monga madziwo. Achewa a mbali zonse ziwiri amapita ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika m'mwezi wa August, ndipo Angoni amapita ku Ncwala kwa Mpezeni m'mwezi wa February. Munthu amene malume ake ali tsidya lija samva msanga chifukwa chake thumba la ufa lisanduka mlandu likangodutsa pamzere wosaoneka ndi maso.

Palinso chilonda chakale. Pamene boma lino linkatchedwa Fort Manning, makolo athu ankalipira msonkho wa nyumba kwa olamula amene sadawasankhe, ndipo m'madera ambiri wolephera kulipira ankamtenthera nyumba. Masiku amenewo kuzemba Boma kunkayesedwa nzeru. Dziko lidalandira ufulu m'chaka cha 1964, koma maganizo aja adatsalira m'mitima ya ambiri, monga chitsa chitsalira m'munda mtengo utagwa kale.

Tsono tiyeni tiyang'ane malamulowo, chifukwa onse sali a mtundu umodzi. Alipo ena otchinjiriza mnzathu amene waima kutsogolo kwathu, ndipo alipo ena otenga gawo la phindu lathu kunka nalo kuthumba la dziko.

Mwa oyambawo, lalikulu ndi lamulo la sikelo. Bungwe loona za miyezo, la Malawi Bureau of Standards, lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, ndipo ina mwa ntchito zake ndiyo kuyesa masikelo a amalonda ndi kuwaika chizindikiro. Tiyeni tiwerengere monga m'kalasi. Ngati sikelo iba makilogalamu 2 pa thumba lililonse la makilogalamu 50, wogula matumba 100 waba makilogalamu 200, ndiwo matumba 4 athunthu. Matumba amenewa sawabera Boma ayi. Awabera mayi wamasiye amene adapalira mtedzawo dzuwa lili pamutu, amenenso sadziwa kuwerenga manambala a pasikelo. Chimodzimodzinso lamulo loletsa kugulitsa chakudya chimene masiku ake adatha: wodwala nacho ndi mwana wa m'mudzi momwemo. Malamulo otere sadabwere ndi Azungu. Kale anthu ankasinthana chimanga ndi mchere pa lichero ndi dengu, ndipo wochepetsa muyeso ankatchedwa wakuba pabwalo la mfumu. Boma langolemba papepala chimene chikumbumtima chidanena kale. Amene anyenga mnzake wosawerenga akumbukire kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Malamulo a msonkho ndiwo ovuta kuwakonda, ndipo apa mpamene mnyamata uja adali kumva kuwawa. Ndalama ya layisensi ipita ku khonsolo, ya pamalire ipita ku Malawi Revenue Authority, imene idayamba ntchito m'chaka cha 2000, ndipo wolipirayo saona ndi maso kumene yathera. Komabe wozemba msonkho amayendetsa katundu wake pamsewu wa Lilongwe, mkazi wake amachilira kuchipatala cha Boma, ndipo ana ake amakhala m'kalasi limodzi ndi ana a amene adalipira. Munthu wotere afanana ndi uja amabwera kudima nthawi ya mowa yokha, khasu atalisiya kunyumba. Tingamtche wochenjera, koma kuchenjera kwake kuli kwa kudya thukuta la anzake.

Ndiponso njira ya m'thengo siili yaulere monga ioneka. Woyendamo amalipira womnyamulira, amalipira womuonetsa njira, ndipo akakumana ndi munthu wosakhulupirika wovala yunifolomu amalipiranso chiphuphu. Msonkho uli ndi malire ake ndi lisiti lake; chiphuphu chilibe lisiti, ndipo wochilandira lero abweranso mawa. Choipa choposa ndi ichi, kuti munthu wozemba lamulo wadzitseka yekha pakamwa. Akamlanda katundu usiku sangapite kupolisi. Mnzake akamnyenga sangakadandaule kubwalo. Akafuna ngongole kubanki alibe pepala loonetsa. Lamulo limene adalithawa likadakhala mpanda wake tsiku la tsoka.

Wina adzati, "Nanga lamulo likakhala lolemera, kapena ndalama za msonkho zikadyedwa ndi akuluakulu?" Mawu amenewa ndi oona, ndipo sindiwapeputsa. Si lamulo lililonse lili lolungama, ndipo Boma limene lichulutsa mapepala ndi kuchedwetsa munthu wosauka pawindo limadzipangira lokha ozemba. Koma mankhwala a lamulo lolemera ndiwo kulinena poyera, kwa khansala, kwa phungu, ndi m'mabungwe a amalonda, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo zinthu zimasinthadi. M'chaka cha 2010 maiko a Malawi ndi Zambia, pansi pa bungwe la COMESA, adayamba njira yapafupi ya amalonda ang'onoang'ono, kuti wonyamula katundu wochepa wopangidwa m'maikowa, amene ali pa mndandanda wogwirizana, adutse ndi pepala losavuta popanda kulemba ntchito munthu womuimirira. M'chaka cha 2022 chipata cha Mchinji ndi cha Mwami zidaphatikizidwa, kuti wapaulendo aime kamodzi m'malo mwa kawiri. Ambiri ayendabe usiku chifukwa chosadziwa zimenezi, naopa chinthu chimene akadangofunsa masana. Ndiponso ndani angaime pamsonkhano kufunsa kumene ndalama za msika zapita? Ndi yekhayo amene ali ndi lisiti m'thumba. Wosalipira akhala chete kumbuyo, kuopa kuti angamfunse za iye mwini.

Sindidamnamize mnyamata uja kuti adzalemera msanga. Nkutheka kuti anzake adzamanga nyumba zamalata iye asanamange, pakuti dziko lino silipereka mphotho ya chilungamo pa tsiku loikika. Ndidangomuuza kuti, "Mwana wanga, chuma cha wamalonda chili pawiri: china chili pamashelefu, china chili m'mitima ya ogula. Cha pamashelefu chingapse ndi moto usiku umodzi, ndipo ungachigulenso. Koma anthu akadziwa kuti sikelo yako imanama, ngakhale ugule yatsopano sadzaikhulupirira." Paja akulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, m'malonda namonso mbiri imtsata munthu kufikira kwa ana ake.

Chifukwa chake yankho langa ndi ili: wosunga malamulo a malonda sali wopusa, koma wasankha kulipira mtengo woonekera lero kuti asalipire wobisika mawa. Asunga ena chifukwa chokonda mnansi wake, asunga ena chifukwa ali mwini dziko pamodzi ndi anzake, ndipo amene amlemera awatsutsa masana, nkhope ili poyera.

Mwezi watha ndidadzera pasitolo pake. Layisensi ili pakhoma, ndipo mafuta ake akadali okwererapo mtengo kuposa a anzake. Ndili pomwepo padafika kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi chimodzi, katafumbata ndalama m'kansalu, katatumidwa mchere ndi agogo ake amene maso adachita khungu. Kadapitirira masitolo awiri kuti kafike pamenepo, chifukwa agogowo adakauza kuti kasakagule kwina.