K500 imene ndinaisungira bandulo



Lolemba lapitali ndinakwera minibasi ku Limbe kupita m'tauni. Tili m'njira, kondakitala anayamba kutolera. Mayi wina, mwana ali pamiyendo, anamasula mfundo ya chitenje, koma ndalama inaperewera ndi K500. Anachonderera kuti akupita ndi mwanayo kuchipatala. Kondakitala anangomenya chitseko, galimoto inaima, mayi uja anatsika. Ine K500 ndinali nayo m'thumba, koma ndimaisungira bandulo. Ndinangoweramira pafoni ngati sindikumva. Astaghfirullah.

Kondakitala sindikumuweruza kwambiri. Nayenso madzulo mwini galimoto amafuna ndalama yake yokwana, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta ndi zonse zinakwera. Amene ndikumuweruza ndi ine.

Kwa banja losauka, ndalama yokwerera si nkhani yaing'ono. Ikasowa, wodwala amagona kunyumba, tomato amaolera kumunda, mnyamata amaphonya intavyu, agogo amasiya kubwera ku Jumu'ah ife n'kumati afooka Imaan.

Chisilamu chinaiona kale nkhaniyi. Mu Surah At-Tawbah, aya 60, Allah anaika wapaulendo amene zamuthera pakati pa magulu 8 olandira Zakaat. Mu Surah yomweyo, aya 92, muli Maswahaba osauka amene pa ulendo wa ku Tabuk, chaka cha 9 chichitikire Hijrah, anabwerera akulira chifukwa Mtumiki (SAW) analibe chowakweza. Mtima anali nawo, chinasowa ndi chokwera. Ku Badr ngamira zinali pafupifupi 70 kwa anthu oposa 300, ndipo amakwera mosinthana. Mtumiki mwiniwake amatsika n'kuyenda pansi kuti anzake awiri akwere. Ndipo mu Hadith ya Bukhari ndi Muslim timaphunzira kuti kumukweza munthu pa chokwera chake, kapena kumunyamulira katundu, ndi Sadaka.

Ndiye ife bwanji? Swalah ya Jumu'ah ikatha, magalimoto amatuluka pamzikiti mipando itatu ili yopanda munthu, pomwe m'bale amene tinagundana naye mapewa pa safu akuyamba ulendo wapansi dzuwa likuswa mtengo.

Mtengo wa mafuta sitingautsitse ife, koma zilipo zimene tingathe. Amene muli ndi galimoto, musanalize funsani kuti wolowera kwanuko ndani. Pa gulu lathu la WhatsApp tizilengeza tikakhala ndi ulendo komanso malo. Pamzikiti tikambirane ndi a Shehe ndi komiti, tikhale ndi kathumba kothandiza odwala ndi ana asukulu pa mayendedwe. Aliyense K500 pa sabata, mutu umodzi susenza denga. Abale a kabaza ndi aminibasi, mvula ikagwa kapena kukada musakweze mtengo poona kuti munthu alibe kolowera. Rizq amapereka ndi Allah.

Mayi uja sindikudziwa ngati anakafika, ngakhale dzina lake sindilidziwa. Bandulo ija inatha tsiku lomwelo. Tsopano ndikamakwera ndimapatula kandalama pambali, kuti tsiku lina ndisadzaweramirenso pafoni.

Allah atikhululukire pomwe tinatseka maso, achiritse mwana uja, ndipo awafewetsere njira onse oyenda movutika. Ameen.