Mphindi 12 za Befu: Mfundo Zofunika

Tiyeni tiime m'mawa pabwalo la koleji ya aphunzitsi ku Domasi, nkhungu isanachoke paphiri la Malosa. Tili ndi wotchi, wezulo ndi chingwe choyezera mamita. Kodi zida zitatu zokhazi zingatiuzenji za munthu?

1. Wotchi siimva zifukwa. Mu 1968, Kenneth Cooper, dokotala wa asilikali a m'ndege ku America, anafalitsa muyeso wosalira ndalama: wophunzira athamange mphindi 12, kenako tiwerenge mamita amene wadutsa. Mtundawo umaulula kuchuluka kwa mpweya umene mapapo, mtima ndi magazi zimakwanitsa kufikitsa ku minofu. Pakamwa tonse ndife akatswiri, koma befu sanamiza. Ndi angati mwa ife angalole kuti khalidwe lawo liyezedwe poyera chotere?

2. Kuthamanga sikufika. Wezulo ikangolira, pamakhala mnyamata wina amene amaliyatsa ngati wakumana ndi njati, maso ali kwa atsikana oonerera. Pofika mphindi yachinayi wagwira m'chiuno, ali wefuwefu. Womudutsa ndi uja anayamba mwachifatse, akumvetsera mpweya wake. Si momwemonso timayambira teremu, ukwati kapena geni? Phuma limadya mbewu.

3. Belu lidzafulumira ndithu. Muyeso wina, wa Luc Léger wa ku Montreal, umafuna mizere iwiri yotalikirana mamita 20; timathamanga uku ndi uku pakati pa mizereyo, kufika pamzere belu lisanalire. Timayamba pa liwiro la makilomita 8.5 pa ola, ndipo mphindi iliyonse liwirolo limakwera ndi theka la kilomita. Palibe amene amaligonjetsa belulo. Aliyense amafika pothera pake. Chimene chimalembedwa n'chakuti unapirira kufika pati. Amene amasiya mpweya ukadalipo, poopa thukuta, wadzibera yekha.

4. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Koma sitiyambira pamodzi tonse. Wina anakula akutsika ndi nkhuni kuphiri, wina akupalasa kabaza pa Songani, wina wangodzuka kumene ku malungo ndipo magazi ndi ochepa. Mphunzitsi wanzeru amayamba wafunsa za chifuwa ndi mtima, sathamangitsa ana dzuwa lili paliwombo, ndipo saseka wotsalira. Amalemba mamita a lero m'kope, nauza wophunzirayo kuti adzakumanenso pamzere womwewo pakatha masabata 8.