Kuphunzira zisudzo imvi zitayamba

Munthu akakula, malo amene amaloledwa kukhala mbuli amachepa. Kuntchito amayembekezera kuti ukudziwa, kunyumba ana amafuna yankho, pamaliro amakupatsa mpando n'kukuuza kuti uyankhule m'malo mwa banja. Ine ndimawerengetsera ndalama za eni ake ku Limbe, ndipo ntchitoyo sindiinyoza: lendi ndi fizi zimachokera pomwepo. Kungoti inafika nthawi yoti Lolemba ndi Lachisanu sizinkasiyananso, ndipo panali patapita zaka ndisanagwireko chinthu chimene sindichidziwa.

Zisudzo ndinazikonda kalekale, koma ndili pampando wa oonera. Ife tinakula ndi Kapalepale pa wailesi ya MBC, kenako gulu la Kwathu, Izeki ndi Jakobo. Du Chisiza Jr. atayambitsa gulu la Wakhumbata mu 1987, anthu ankadzaza French Cultural Centre mu Blantyre mpaka ena kuonera chiimirire. Du anatisiya mu 1999, wazisudzo mnzake Gertrude Kamkwatira mu 2006. M'manja tinkawaombera ndithu, komabe mumtima tinkati luso lotere n'lobadwa nalo, apo ayi ndi za ana asukulu a mpikisano wa ATEM. Zoti bambo wa ndevu zake n'kukhala pansi kuphunzira, ayi.

Komabe ndinalowa kagulu ka zisudzo kamene kamakumana Loweruka masana m'holo ya tchalitchi, mabenchi atakankhidwira kukhoma. Wotiphunzitsa ndi mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga wachisamba. Ulemu ali nawo, koma sanyengerera.

"Ankolo, jekete ndi nsapato zikhale pabenchipo."

Tinayamba ndi kupuma, dzanja lili pamimba, kuti mawu akafike kumbuyo kwa holo popanda kukuwa. Kenako anatiika awiriawiri, wina azitsanzira mnzake ngati galasi, maso ali pamaso. Ine anandipatsa mnyamata wa kabaza. Iye analeredwa kuti wamkulu sayang'anidwa m'maso, ine ndinazolowera kuti achinyamata azindizyolikira. Tinavutika tonse. Pamene manja athu anayamba kuyendera limodzi, sizinkadziwikanso kuti akutsogolera ndani, ndipo tinaphulika kuseka mpaka aphunzitsi anatidzudzula.

Chimene chandikhalitsa m'gululi ndi gawo lina laling'ono. Ndinapatsidwa kukhala bambo wobwera kuchokera ku Joni chimanjamanja, waima pakhomo, mkazi wake akumulonjera. Ndinakwinya nkhope, mawu n'kuwanjenjemeretsa.

"Ankolo, chisonicho chisiyeni. Munthuyu akufuna chiyani pakhomopo?"

Anatifotokozera za Konstantin Stanislavski wa ku Russia, mmodzi wa oyambitsa Moscow Art Theatre mu 1898. Iye ankaphunzitsa kuti wosewera asadzikakamize kulira kapena kukwiya, koma adzifunse chimene akanachita zikanamugwera iyeyo, ndi chimene akufuna panthawiyo. Ndinaganiza. Bamboyo akufuna chinthu chimodzi basi: mkazi wake asafunse za m'chikwama. Nditadziwa zimenezo, manja anapeza okha chochita. Ndinkamasula lamba wa chikwamacho n'kumumanganso, kufunsa za mvula, za mbuzi, za denga lodontha, chilichonse choti nkhani ipite kwina.

Ndili mkati mochita zimenezo ndinakumbukira amalume anga. Anapita kumigodi ndi Wenela, ndipo atabwerako ankangokhala pakhonde kusema mipini, wowafunsa za ku Joni ankamuyankha za nyengo. Ana tinkati ndi munthu wouma mtima, ndipo anamwalira tikuwaganizira choncho. Palibe anandiuzapo china chatsopano za iwo. Ndinangoima mmene ankaimira, manja ali otanganidwa, n'kumva kulemera kwa funso limene munthu sakufuna kufunsidwa.

Ena amati zisudzo zimachotsa manyazi. Mwina. Anga akadalipo, ndipo mawu ndimaiwalabe. Chimene ndaona n'chakuti pasewero sungamuyankhe bwino mnzako ngati ukungodikira kuti amalize, ndipo kudikira koteroko ndiko akuluakulu ambiri timakutcha kumvetsera.

Mayi akunyumba poyamba ankati, "Abambo, zachibwanazi mudzasiya liti?" Masiku ano tikadya mgonero amatenga pepala n'kumawerenga mawu a mkazi wa m'seweromo kuti ndiloweze anga. Dzulo analiika pansi pepalalo.

"Mkazi ameneyu sangafunse za chikwama. Wadziwa kale atangomuona akutsika minibasi."

Loweruka ndikawauza aphunzitsi, chifukwa ngati zili choncho gawo lonselo tiyambirenso.