Mwana wa ku Joni Mumamukumbukira pa Pepala Sande Pokha

Akulu a mpingo anzanga, lero ndiyankhula mosapsatira. Pepala Sande ikayandikira, mayina a ana athu amene ali ku Joni mumawakumbukira onse. Nambala zawo za foni muli nazo, ndipo ndalama ikangolowa pa Mukuru m'manja mumawomba mpaka kutentha. Koma ndani mwa inu anamufunsapo mwanayo kumene amapemphera, kapena kuti Mgonero anadya liti? Ng'ombe mukuikama, koma msipu wake simuudziwa.

Makolo athu sanatero. Kalelo anyamata a Nyasaland ankayenda wapansi, kuwoloka Zambezi, kukafuna ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Halale. Ena mwa iwo anali obatizidwa. Atafika m'makomboni anapeza mowa, njuga ndi kapitawo, koma mbusa wolankhula chinenero chawo panalibe. Anatumiza pempho kumudzi kuno, ndipo mu 1912 mbusa T.C.B. Vlok, yemwe uja anayamba misiyoni ya Nkhoma, anasiya ntchito imene anaikhazikitsa ndi manja ake n'kukakhala ku Salisbury, Harare ya lero. Alaliki akuno anamutsatira, n'kumayenda mgodi ndi mgodi, famu ndi famu, kusonkhanitsa anthu otopa kuti amve Mawu m'Chinyanja. Ntchito imeneyo ndiyo inabala Sinodi ya Harare, imene inalowa mu CCAP mu 1965, ndipo ilipo mpaka lero. Wina asandiuze kuti Vlok anali mzungu wandalama. Amene anayamba kulira anali anyamata a m'komboni, ndipo analira chifukwa kwawo anawaphunzitsa kuti Mkhristu sakhala yekha. Ife ana athu tawaphunzitsa chiyani? Amanyamuka ndi pasipoti, kalata yosamukira n'kuisiya m'kabati mwa mlembi.

Ndimamva ena akunena kuti mwanayo akadzabwerera tidzamuwongola. Mwaiwala 1974? Ndege ya Wenela, yonyamula anthu ogwira ntchito m'migodi ya ku Joni, inagwa ku Francistown itangonyamuka, n'kupha amuna a dziko lino oposa 70. Anali atamaliza kontirakiti, masutikesi atamanga, akubwerera kwa akazi awo. Kamuzu analetsa kulemba anthu opita kumigodi, koma amene anafawo anapita ndi moyo wawo wauzimu mmene unalili tsiku limenelo.

Taganizirani mmene mwana wa lero akukhalira kumeneko. Lamulungu ali pa ntchito m'munda wa bwana kapena m'shopu. Mapepala anatha kalekale, akaona galimoto ya polisi mtima uli phaa, kuopa kukatsekeredwa ku Lindela. Akadwala alibe womuimbira nyimbo. Amene amamufikira ndi mneneri wogulitsa mafuta ndi madzi odzoza, chifukwa iyeyo ndiye sachita ulesi kugogoda pa zitseko za anthu osowa. Kenako timva kuti mnyamata uja watenga mkazi wina, ndipo apo bwalo la akulu limakhala msangamsanga kumudula. Kudula timafulumira. Matchona ambiri amene timawanyoza tinayamba ndife kuwataya.

Komanso musayang'ane kutali kokha. M'maesiteti a fodya a ku Kasungu ndi Mchinji muli matenanti ochokera ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe. Ena mwa inu ndinu eni minda. Nyengo yothyola ndi kusoka fodya, kodi tenanti wanu mumamulola kupita ku tchalitchi, kapena inu mumakakhala kutsogolo mutavala jekete iye ali m'chigafa? Ana ake ali m'kalasi ya ubatizo? Akamwalira, mumayamba kufunsa kuti anali wa mpingo wanji maliro ali kale pakhonde.

Yeremiya analembera kalata anthu a kwawo amene anali ku Babulo, popanda foni, popanda basi. Inu muli ndi WhatsApp m'thumba. Loweruka likudzali mkulu aliyense abwere ndi mayina a anthu a m'dera lake amene ali kunja, ndi a alendo amene akugwira ntchito m'minda ya m'deralo. Mlembi atulutse makalata osamukira aja. Tidzagawana mayinawo, ndipo pomuimbira mwanayo nkhani ya malata a tchalitchi musaitchule.