Njovu ya Mabotolo ndi Malangizo a Ibn Abbas

Pa chipata cha Mwanza, pomwe magalimoto opita ku Tete amandandalika, m'ngalande simusowa mabotolo ndi majumbo. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, khoti la Supreme n'kutsimikiza chiletsocho mu 2019, koma mbuzi zikumezabe majumbo.

Kwina amisiri anazipezera ntchito zinyalalazi. Ku Kenya, a Ocean Sole amasema njovu ndi nyamalikiti ndi mapatapata otola m'mphepete mwa nyanja. Ku Oregon, a Washed Ashore akhala akuumba nsomba zikuluzikulu kuyambira 2010. Kodi mnyamata wa Chisilamu wa ku Mwanza angatengere zimenezi?

Cholinga n'chabwino, pakuti kuchotsa chopweteka panjira ndi sadaka. Koma maulama ambiri amaletsa chiboliboli chathunthu cha cholengedwa chamzimu, ndipo chifukwa chake n'chakale: mafano a anthu a Mneneri Nuh anayamba ngati zikumbutso chabe za anthu olungama. Wina anganene kuti palibe angagwadire njovu ya mabotolo. N'zoona, komatu chimene chinaloledwa ndi zidole za ana, monga za Mayi Aisha (RA), osati choimika pamphambano kuti mudzi wonse uzichitama.

Wojambula wina atadandaula kwa Ibn Abbas (RA) kuti amadyera momwemo, iye sanamulande ntchito. Anamulozera ku mitengo ndi zinthu zopanda mzimu. Mwanza ndi kwawo kwa manachesi. Mtengo wa nachesi wotalika ngati nyumba, masamba ake a mabotolo obiriwira, zipatso za zitsekerero, ungathe zinyalala zochuluka mofanana ndi njovu ija, ndipo ungaimikidwe ngakhale pafupi ndi mzikiti.