Malire adule dziko, asadule chibale



Ku Korea mtundu umodzi unagawidwa pawiri mu 1945. Nkhondo ya 1950 mpaka 1953 inatha popanda pangano la mtendere, ndipo mabanja olekanitsidwa analoledwa kuonana komaliza mu 2018. Ambiri akumwalira asanamvenso mawu a mbale wawo, ngakhale pa foni.

Ifenso kuno ku Mwanza malire timawadziwa. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 linasiya abale ena ku Zobue, ena kuno. Koma Alhamdulillah, timawoloka kukakhuza maliro, ndipo mu 2016 othawa nkhondo ku Mozambique analandiridwa pa Kapise.

Ndiye ndikufunseni: poti Allah watitsegulira njira, bwanji tikudzimangira tokha mpanda? Wina sayankhulana ndi achimwene ake chifukwa cha chipani. Wina anabloka amalume ake pa WhatsApp.

Ku Madina, Aws ndi Khazraj anamenyana zaka zambiri, koma Mtumiki (SAW) anawayanjanitsa. Kudula chibale ndi tchimo lalikulu, ndipo Msilamu saloledwa kunyanyala mnzake kupitirira masiku atatu.

Ijumaa isanafike, muimbireni mbale wanuyo. Muyambe ndinu kupereka salamu.

Allah alumikize mitima yathu, ndi ya anthu a ku Korea. Ameen.